MITENJE YA ZOMELA: KODI INGATHANDIZE MAKOMBONI A LUSAKA?

Munthu wokhala mu Kanyama, Chawama kapena George amabvutika ndi mtenje wa nyumba yake kawili pa caka. M'mwezi wa October, pamene kutentha kumapitilila madigili 30 ngakhale pa mthunzi, malata amapsa kotelo kuti mayi ndi mwana wa khanda sangathe kukhala m'nyumba masana, ndipo usiku tulo timabwela mocedwa. Pofika January, malata omwewo amakhuthulila madzi onse a mvula pa khomo, madziwo nasowa kolowela, nadzaza m'tinjila, m'zimbudzi ndi m'zitsime. Akulu-akulu anati walila mvula walila matope, koma matope a m'makomboni a Lusaka atenga kale miyoyo ya anthu ambili.

Cifukwa ca mabvuto awili amenewa, kutentha ndi madzi osefukila, mizinda yambili ya pa dziko lapansi inayamba kubzala zomela pamwamba pa nyumba. Nkhani ya mitenje yotele imamveka kawili-kawili pa misonkhano yokamba za kusintha kwa nyengo. Funso loyenela kuliyankha mosabisa ndi lakuti: kodi nzelu imeneyi, imene inakulila m'mizinda yolemela ya ku Ulaya, ili ndi phindu kwa munthu amene malata ake atsindilidwa ndi miyala ndi matayala akale kuti asauluke ndi mphepo?

MTENJE WA ZOMELA NDI CIANI?

Mtenje wa zomela si kungothila dothi pamwamba pa nyumba ayi. Amisili amayamba ndi kuyala cinsalu ca pulasitiki kapena ca phula coletsa madzi kudontha, cimene mizu singathe kuboola. Pamwamba pake amaika timiyala kapena zinthu zina zosiya mipata kuti madzi otsala apeze njila yotulukila, kenaka nsalu yosefa, ndipo pomaliza dothi lopepuka m'mene mubzalidwa zomelazo.

Mitenje imeneyi ili ya mitundu iwili. Mtundu woyamba ndi wa dothi locepa, la masentimita 5 kufika 15, lobzalidwa maudzu ndi zomela za masamba onenepa zopilila dzuwa, ndipo sufuna cisamalilo cambili. Mtundu waciwili ndi dimba lenileni, la dothi lakuya, m'mene mungamele ndiwo za masamba, maluwa ngakhale timitengo. Umenewu umafuna nyumba yolimba kwambili ndiponso munthu wothilila ndi kupalila.

Phindu lake limabwela m'njila zitatu. Coyamba, dothi limamwa madzi a mvula, ndipo amene latsala nawo limawatulutsa pang'ono-pang'ono, motelo ngalande sizidzaza nthawi imodzi. Caciwili, masamba amachinga dzuwa, ndipo pamene madzi auma kucoka m'dothi ndi m'masamba amatenga kutentha, monga momwe madzi amazizilila mu mtsuko wa dothi. Cacitatu, mtenje wokwililidwa supsa masana ndi kuzizila usiku monga wa pambalambanda, conco ucedwa kung'ambika.

KUMENE NZELUYI INAGWILA NCHITO

Dziko limene linatsogola pa nkhani imeneyi ndi Germany, kumene amisili anayamba kuikonza bwino m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Mzinda wa Stuttgart, umene uli m'cigwa cosayenda mphepo bwino, unayamba kupatsa eni nyumba thandizo la ndalama mu 1986 kuti abzale pa mitenje. Ku Switzerland, mzinda wa Basel unayamba ndi kuthandiza eni nyumba ndi ndalama zocokela pa malipilo a magetsi, ndipo mu 2002 unalamula kuti nyumba iliyonse yatsopano ya mtenje wathyathyathya ikhale ndi zomela. Mzinda wa Toronto ku Canada unapanga lamulo lake mu 2009, lokhudza nyumba zatsopano zazikulu zopitilila masikweya mita 2,000.

Kuno ku Africa, khonsolo ya eThekwini, imene iyang'anila mzinda wa Durban, inayamba kuyesa mtenje wa zomela pa imodzi ya nyumba zake za maofesi mu 2008, pofuna kudziwa zomela za m'dzikomo zimene zingapilile pamwamba pa nyumba.

Pa zitsanzo zonsezi pali zinthu ziwili zofanana. Palibe kumene nchitoyi inafala cifukwa ca malangizo a pakamwa cabe: inafala pamene khonsolo inaikapo lamulo, kapena ndalama, kapena zonse ziwili. Ndiponso pafupi-fupi konseko inacitika pa nyumba za mitenje ya konkile, zomangidwa ndi mapulani obvomelezeka.

CIFUKWA CAKE NKHANIYI IKHUDZA LUSAKA

Pamene Pulofesa Stanley Adshead analemba pulani ya likulu latsopano mu 1931, colinga cinali cakuti Lusaka ukhale mzinda wa mitengo ndi minda ya maluwa. Likulu linasamuka kucoka ku Livingstone mu 1935. Koma mitengo ndi mabwalo aakulu zinali za mayadi a azungu, pamene anchito acikuda anasiyidwa kudzipezela malo pa mafamu ndi pafupi ndi migodi ya miyala kumadzulo ndi kumwela kwa mzinda. Ambili mwa makomboni a lelo anayamba motelo. Matero anamangidwa ndi khonsolo kuti mukhale anchito, Mtendere anayamba pambuyo pa ufulu monga malo opimidwa kumene anthu anadzimangila okha, koma Kanyama, George, Chawama ndi Kalingalinga anakula popanda pulani.

Mbali yaikulu ya kumadzulo ndi kumwela kwa Lusaka ili pa thanthwe la miyala ya laimu. Dziko lake ndi lathyathyathya, dothi ndi losazama, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwela kufika pafupi ndi pamwamba. Mvula ikaculuka, madzi sathamangila ku mtsinje ndipo salowa pansi. Acikulile akumbukila cigumula ca mu Kanyama ca mu 1978, cimene cinagwetsa nyumba zambili za zidina ndi kusiya mabanja pa mtetete.

Lamulo la nyumba la mu 1974 linabvomeleza makomboni ambili ndi kupatsa anthu zikalata zokhalila pa malo kwa zaka 30. Caka comweco panayamba nchito yokonza George, Chawama, Chaisa ndi Chipata ndi ngongole ya World Bank: anthu anakumba okha mifolo ya mapaipi, nalandila ngongole ya zomangila. Kalingalinga anakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. Nyumba za zidina zinasanduka za mabuloko ndi malata, ndipo ici cinali citukuko ceniceni. Koma pamene anthu anaculuka, eni mapuloti anamanga zipinda za lendi pa bwalo lililonse lotsala, mitengo ya mango ndi mapeyala nigwetsedwa. Kalembela wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo ambili mwa iwo akhala m'makomboni. Nthaka imene inali kumwa madzi tsopano yabvindikilidwa ndi malata ndi simenti.

Masamu ake ndi osabvuta. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi imapanga lita imodzi ya madzi. Lusaka amalandila mvula yokwana pafupi-fupi mamilimita 800 pa caka. Ndiye kuti nyumba yaing'ono ya mtenje wa masikweya mita 40 imakhuthula malita 32,000 m'dzinja limodzi, kapena kuti madilamu 160 a malita 200. Mvula yamphamvu ya mamilimita 50 usiku umodzi imatsitsa madilamu khumi kucoka pa nyumba imodzi yokhayo. Munthu akawelenga nyumba zikwi-zikwi za mu Kanyama adzaona kumene madzi a m'misewu acokela.

Madzi amenewa akakumana ndi zimbudzi zokumba amanyamula zonyansa kulowa nazo m'zitsime zosazama, ndipo m'ming'alu ya miyala ya laimu amayenda msanga osasefedwa. Mlili wa kolela umene unayamba mu October 2017 m'madela a Chipata ndi Kanyama unagwila anthu oposa 5,000 mu Lusaka. Umene unayamba mu October 2023 unali woopsa koposa: m'dziko lonse odwala anapitilila 20,000 ndipo akufa anapitilila 700, bwalo la masewela la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe pa nthawi yake mu January 2024.

Boma layesa kukonza ngalande. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la madola pafupi-fupi 355 miliyoni ocokela ku America, panacitika nchito ya madzi, ukhondo ndi ngalande mu Lusaka, kuphatikizapo ngalande yaikulu ya Bombay. Komabe ngalande imathandiza madzi amene afika kale pansi, ndipo ikatsekeka ndi zinyalala nchito yake yatha. Nzelu ya mtenje wa zomela ndi yakuti madzi ayambe kucepetsedwa pamene agwela.

Kunena za kutentha, cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February caka cimeneco, cinacepetsa madzi mu Kariba, magetsi nayamba kuzima maola ambili pa tsiku. Caka cimeneco cinaphunzitsa anthu kuti nyumba yodalila fani kuti izizile imasanduka ng'anjo tsiku limene magetsi palibe.

ZOPINGA ZIMENE SIZIYENELA KUBISIDWA

Copinga coyamba ndi cacikulu ndico kulemela. Dothi locepa lomwelo, likamwa madzi, limalemela makilogilamu 60 kufika 150 pa sikweya mita imodzi. Pa nyumba ija ya masikweya mita 40, dothi la makilogilamu 100 pa sikweya mita lingafanane ndi matumba a simenti 80 osanjikidwa pamwamba. Malata opyapyala okhomedwa pa timapulanga towelengeka, pa cipupa ca mabuloko opanda zitsulo, sangasenze katundu wotele. Munthu amene angamve za nkhaniyi nakathila dothi pa malata ake angaphe banja lake lomwe. Nyumba zakale za mitenje ya asibesitasi, monga zambili za mu Matero, ndi zoopsa koposa, pakuti asibesitasi akakalamba amathyoka msanga, ndipo fumbi lake, munthu akamaboola kapena kuceka, limadwalitsa mapapo.

Caciwili ndi nyengo. Ku Ulaya mvula imagwa pang'ono-pang'ono caka conse, ndipo kumeneko mitenje yotele imagwila theka la madzi a pa caka kapena kuposelapo. Ku Lusaka mvula imabwela yamphamvu m'miyezi isanu, ndipo dothi locepa likakhuta lelo silingamwe zambili mawa. Kucoka May kufika October kumwamba kumauma, ndipo zomela zimafuna kuthilila pa nthawi imene mayi wa mu George agula madzi pa mpopi ndi cigubu. Sangathilile mtenje ana asanamwe. Maudzu ouma pamwamba pa nyumba, pafupi ndi mbaula, alinso ngozi ya moto.

Cacitatu ndi umwini. Ambili okhala m'makomboni ndi a lendi. Amene apsa ndi malata si mwini nyumba, ndipo amene angalipile zokonza mtenje sagona m'menemo. Mwini nyumba amaona phindu pomanga cipinda cina, osati pobzala maudzu.

Cacinai ndi cisamalilo. Mtenje wokonzedwa molakwika umadontha, umacititsa malata dzimbili, ndipo madzi akaima amaswa udzudzu. Pomaliza, ziyenela kunenedwa poyela kuti mtenje wa zomela sungatsitse madzi a pansi pa Kanyama, sungalowe m'malo mwa ngalande, ndipo sungateteze munthu ku kolela ngati zimbudzi ndi madzi akumwa sizinakonzedwe.

ZIMENE ZINGATHEKE

Ngakhale zili telo, kutaya nzeluyi yonse kungakhale kulakwa. Cofunika ndi kusiyanitsa nyumba zimene zingasenze dothi ndi zimene sizingathe.

Malo oyambila ndi nyumba zazikulu. Mu Lusaka mwamangidwa masitolo aakulu, mahotela, maofesi ndi nyumba zosungilamo katundu, zokhala ndi mitenje yotambalala ndi mabwalo a phula oimikapo magalimoto. Madzi ocoka m'malo otele satha pomwepo: amatsikila kwa anthu okhala kumunsi. Nyumba zotele zimamangidwa ndi mapulani opita ku khonsolo, ndipo eni ake ali ndi ndalama. Pansi pa lamulo la mapulani a mizinda la mu 2015, limene linalowa m'malo mwa lija la 1974, Khonsolo ya Mzinda wa Lusaka ndiyo ibvomeleza zomanga mu mzinda. Ingathe kufuna kuti nyumba yatsopano yaikulu ionetse m'mene idzagwilila madzi ake, kaya ndi mtenje wa zomela, kaya ndi matanki, kaya ndi bwalo lolowetsa madzi pansi. Kuika mtenje wotele pa pulani nyumba isanamangidwe ndi kochipa kusiyana ndi kulimbitsa nyumba yomangidwa kale.

Malo aciwili ndi nyumba za Boma za m'makomboni momwemo: masukulu, zipatala, misika ndi maofesi a makhansala. Ndalama za citukuko ca m'madela a aphungu, zimene zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dela lililonse mu 2022, zamanga zipinda zambili zophunzililamo. Cipinda cimodzi ca silabu ya konkile mu Chawama kapena Mtendere, coyang'anilidwa ndi akatswili a zomanga a pa Yunivesite ya Zambia, cingaonetse m'zaka ziwili kapena zitatu kuti ndi zomela ziti zipilila cilimwe ca Lusaka, madzi angati agwilidwa, ndiponso kutentha kwa m'kalasi kwatsika motani. Ziwelengelo zopimidwa pa Lusaka pomwe ndizo zingakhutilitse eni nyumba, osati za ku Basel.

Nanga nyumba ya malata ya munthu wamba? Pali njila zopepuka. Mu komboni ya Parque Arará mu mzinda wa Rio de Janeiro ku Brazil, bambo Luis Cassiano anayamba kubzala pa mitenje ya anthu osauka popanda dothi lolemela: amayala pulasitiki ndi nsalu yokhuthala yogwila cinyezi, nabzalapo zomela zopilila dzuwa. Njila yotele iyenela kuyesedwa coyamba ndi akatswili kuno, popeza Rio alibe cilimwe cotalika monga ca Lusaka.

Njila ina ndi yodziwika kale kwa aliyense wocokela ku Chipata, Katete kapena Petauke, kumene maungu ndi mphonda zimayanga pa nkhokwe ndi pa matsindwi a udzu. Mizu imakhala pansi, m'dothi kapena m'thumba, ndipo pamwamba pamakwela masamba okha, amene salemela. Pa nyumba ya malata, zoyanga monga magalagadeya, maungu kapena nyemba ziyenela kuyenda pa mawaya kapena pa thandala loimikidwa pa mizati yake-yake, losiya mpata pakati pa masamba ndi malata, kuti mphepo ipite ndi kuti masamba obvunda asaononge malata. Madzi otsukila mbale ndi osamba angathe kuzithilila. Banja limapeza mthunzi pa mtenje ndi pa cipupa ca kumadzulo, napezanso cibwabwa ca ndiwo. Njilayi sigwila madzi ambili a mvula, koma imacepetsa kutentha pa mtengo wocepa.

Pa za kutentha palinso phunzilo la ku Ahmedabad ku India, mzinda umene unapanga pulani yolimbana ndi kutentha mu 2013, ndipo pambuyo pake unayamba kupaka mitenje ya m'makomboni penti yoyela kapena laimu. Mtenje woyela umabweza dzuwa m'malo mwa kulimwa, sulemela, ndipo ngakhale wa lendi angaupake atagwilizana ndi mwini nyumba. Pa za madzi, mlimbo wa malata wolondolela madzi mu dilamu kapena m'thanki yobvindikila bwino umacotsako madzi pa khomo, napatsa banja madzi ocapila. Dilamu limodzi silingamwe madilamu khumi a usiku umodzi, koma nyumba zikwi khumi za dilamu limodzi-limodzi zingagwile malita 2 miliyoni mvula isanafike mu msewu.

NCHITO YA NDANI?

Mutu umodzi susenza denga. Unduna woona za cuma cosamala cilengedwe, umene unakhazikitsidwa mu 2021, pamodzi ndi unduna wa maboma aang'ono, ndiwo angatsogolele pa malangizo a kamangidwe, kuti mmisili wa mu Kalingalinga adziwe kulemela kumene mtenje ungasenze. Khonsolo ili ndi mphamvu pa mapulani a nyumba zazikulu, ndipo ikaigwilitsa nchito mosakondela, mtolo waukulu udzagwela amene angathe kuusenza. Makomiti a citukuko a m'mawadi ndiwo angasankhe sukulu kapena msika woyambilapo, ndi kukambitsana ndi eni nyumba za lendi. Masukulu a zaumisili angaphunzitse acinyamata kukhoma milimbo, kuimika mathandala ndi kuyala zoletsa kudontha, imene ili nchito yopezelapo ndalama.

Kwa anthu a m'makomboni, cenjezo ndi limodzi: pasakhale wothila dothi pa malata kapena pa asibesitasi popanda katswili kuona nyumbayo. Koma mtengo wotsala pa puloti usadulidwe, bwalo lonse lisathilidwe simenti, ndipo mbeu za maungu zibzalidwe m'mbali mwa cipupa mvula yoyamba ikagwa. Zimenezi sizifuna lamulo kapena ngongole ya kunja, ndipo banja lililonse la mu Matero, George kapena Kanyama lingaziyambe dzinja lino.